A Nankhoma ndi Galu wa Matenanti

Mukafika kuseri kwa Kasakula n'kufunsa za Faines, anthu adzayang'anizana ngati mwasokera. Nenani kuti mukufuna a Nankhoma osankha fodya, aliyense adzakulozerani njira. Ndi mayi aafupi, ouma thupi, a zaka makumi asanu ndi mphambu zingapo. Tsamba la fodya wa bale akangoligwira, asanaliyang'ane n'komwe, amadziwa mulu woliponya. Alimi amawalimbirana miyezi ya Epulo ndi Meyi, ngakhale aliyense amadziwa kuti ukawalemba ganyu walemba ndi pakamwa pawo pomwe. Amakuuza pamaso, mosapsatira, kuti fodya wako unamuthyola wosakhwima, ndipo iwe ukanyanyala iwo amangopitiriza kusankha.

Amuna awo anamwalira kale, ana awo awiri ali ku Lilongwe, ndipo iwo anabwerera kumudzi kwawo kukakhala moyandikana ndi mlongo wawo wamkulu, a Paulo. Za agalu analibe nazo ntchito. Galu akaponda pabwalo pawo ankalandira chibuma m'nthiti. N'chifukwa chake anthu a kwathu kuno mpaka lero amapukusa mitu akakumbukira kuti mayi yemweyu anaima pakhomo la khitchini yake, kutsekereza amuna anayi onyamula zibonga kuti asaphe galu wopanda mwini.

Chinali chaka cha dzana, mvula itangokata. A Luke, mlimi wa kutsidya kwa dambo, anawaitana kuti akasankhe fodya amene matenanti awo anamusiya m'chigafa. Banja la matenantilo linali litakangana ndi a Luke n'kuthawa osatsanzika, ndipo panapita masiku ambiri popanda munthu woyenda kumsasa kumene linkagona. Lolemba m'mawa a Nankhoma anazungulira kuseri kwa chigafa kufuna pamthunzi poyala chiguduli. Fungo ndi limene linawalonjera.

Pamzati wa msasa panali galu wamkazi wofiirira, womangidwa ndi waya m'khosi. Anali atakoka mpaka wayayo analowa m'mnofu, osaonekanso. Pansi anakumbapo dzenje, mzatiwo anautafuna mpaka kuyera, ndipo nthiti zake zinali zowerengeka uli pataliko. Sanauwe. Anangodzipanikiza kumzati, maso ali pa khasu limene a Luke ananyamula.

"Ameneyo ngwakufa kale," anatero a Luke atatseka mphuno. "Musiyeni, ndigulule mpiniwu ndimalize."

"Mpini muli nawo, nanga pulayala mulibe?" anafunsa a Nankhoma.

Asakunamizeni munthu kuti chinawagwira tsiku limenelo chinali chifundo. Poyamba unali mkwiyo basi. Mayiwa amadana ndi munthu wochita zinthu mwauchisi, ndipo kumanga chamoyo n'kuchisiya kuti chiwole chikupuma anakuona ngati uchisi woposa wina uliwonse. Anamuponyera galuyo chiguduli kumutu, kumupana ndi bondo, n'kuyamba kufunafuna wayayo ndi pulayala mkati mwa bala. Wayayo atangoti thephu, galuyo anatulutsa mutu m'chigudulimo n'kuwaluma patsinde pa chala chachikulu. Anawaluma kamodzi kokha, koma mano awiri analowa.

A Luke anali atayang'ana kumbali chifukwa cha fungo, ndiye sanaone. A Nankhoma anang'amba nsonga ya chitenje, kukulunga chalacho, n'kunena kuti wawacheka ndi waya. Kenako anabwereka wilibala, kumugoneka galuyo momwemo, n'kukwera naye chitunda chonse mpaka kwawo, fodya wa eni ake ali chiunjikire.

Bodzali linali ndi chifukwa chake. Zaka ziwiri m'mbuyomo a Paulo anataya mdzukulu wawo Chiko, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Kanalumidwa pamwendo ndi kagalu kongosewera nako, anthu anangotsuka balalo n'kuiwala, ndipo patapita miyezi iwiri chiwewe chinakatenga kali m'manja mwa agogo ake aamunawo. Chiyambire pamenepo a Paulo akamva kuti galu waluma munthu safunsa kawiri. A Nankhoma ankadziwa zonsezi, pamaliro paja analira nawo, koma anabisabe. Anthu ouma mutu ndi otero: akayamba chinthu, nzeru zonse amaziika pochiteteza.

Kwathu kuno agalu amapatsidwa mayina otukwanira anansi, koma a Nankhoma safuna galu kuti awanenere zakukhosi. Anangomutcha Epulo, mwezi umene anamupeza. Anamuika pansi pa nkhokwe. Masiku awiri oyamba galuyo sanakhudze phala kapena madzi mayiwa ali pomwepo. Akamva mawu a mwamuna kumsewu ankakodza pomwe wagonapo, thupi lonse lili njenjenje. Lachiwiri masana a Nankhoma anatopa naye, anakhala pansi momufulatira n'kuyamba kusenda mtedza. Ali mkati mosenda anamva kumbuyo kwawo lilime likugunda madzi. Atacheuka, galuyo anasiya. Atafulatiranso, anayambiranso. Anazindikira kuti galu ameneyu anamenyedwa kwambiri moti sangaweramitse mutu pali maso a munthu.

Lachitatu anaona mphutsi zikutuluka m'bala la m'khosi lija. Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo analakwitsa monga mmene aliyense wa ife akanachitira. Ife olima fodya timamukhulupirira fodya kuposa mankhwala a m'botolo. Nkhuku zikachita utitiri timanyika zinyenyeswa zake m'madzi n'kuwaza m'khola, ndipo nsabwe za pamasamba timazithana nazo chimodzimodzi. A Nankhoma ananyika zinyenyeswa zodzaza manja awiri mumphika wakale, n'kuzisiya mpaka madziwo anada ngati tiyi wopanda mkaka. Iwo sachita chinthu mwatheka. Lachinayi m'mawa anamupananso galuyo ndi chiguduli, n'kumuthira madzi onsewo pabala lotseguka, kwinaku akutikita ndi zala kuti alowerere.

Galuyo analira kulira kumene a Nankhoma anali asanamvepo. Atamutaya anakwawira pansi pa nkhokwe n'kuyamba kunyambita madzi amene anatsikira m'miyendo. Mphutsi zinagwadi, ndipo mayiwa anadziyamikira mumtima. Koma dzuwa lisanafike pamwamba pa mtengo wa mango, Epulo anatuluka akudzandira. Dovu linali chuchuchu, anasanza kawiri, miyendo yakumbuyo inkagwedera, ndipo pakamwa panayamba kuchita thovu loyera.

A Nankhoma anangoti kakasi, lichero lili m'manja. Za fodya sizinawabwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Chimene anaona ndi thovu, ndipo atayang'ana chala chawo chokulunga chija, anakumbukira za Chiko. Anachita mantha enieni, mantha a munthu amene anaonapo mmene matenda amenewa amaphera. Komabe anamukokera galuyo m'khitchini ndi chiguduli, n'kukoka chitseko.

Anachedwa. Mayi wina wopita kumjigo anali ataona thovu lija, ndipo ndowa yake anaisiya panjira. Pasanapite nthawi a Paulo anatulukira ndi amuna atatu, aliyense chibonga kumanja.

"A Nankhoma, chokani pakhomopo," anatero a Paulo. Sanakweze mawu.

"Sindichoka, achimwene."

"Galu wa thovu simukumudziwa inu? Mudzi uno uli ndi ana. Chokani, ndikuchitireni ulemu wosakukankhani."

Amuna enawo anayamba kuzungulira khitchini, kuyang'ana pomwe angaboolere. A Nankhoma anaona kuti pakamwa pawo, pamene panawinapo milandu yambiri, lero sipawathandiza. Anatsala ndi chinthu chimodzi chokha, chomwe chija anabisa. Pambuyo pa maliro a Chiko, alangizi a ziweto anabwera kudzachititsa msonkhano, ndipo ananena kuti galu akaluma munthu asaphedwe msanga, atsekeredwe masiku khumi. Akatha masiku amenewo ali moyo, ndiye kuti panthawi imene ankaluma malovu ake analibe chiwewe. A Paulo anali pamsonkhanopo, mpando wakutsogolo.

A Nankhoma anamasula kansalu kaja n'kutambasula dzanja. "Anandiluma. Mukamupha lero, sitidzadziwa ngati ine ndili moyo kapena ayi."

A Paulo anayang'ana timabowo tiwiri tija nthawi yaitali.

"Liti?"

"Lolemba."

"Lero ndi Lachinayi," anatero a Paulo. "Mwagona nazo masiku atatu, nyumba yanga ili apo, ndipo tsiku lililonse mwakhala mukundipatsa moni."

A Paulo anatulutsa foni n'kuimbira alangizi aja, mayi Mirriam Kachere. Anthu onse anamva yankho lawo: galuyo asaphedwe, atsekeredwe ndi loko, wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo osati mawa, ndipo iwo afika m'mawa mwake chifukwa anali kutali kotemera mbuzi.

"Ndikuitanirani kabaza," anatero a Paulo.

"Kabaza ayi. Mundiperekeze inuyo panjinga yanu."

A Paulo anazindikira msanga chimene mlongo wawo ankatanthauza. Ankafuna kuti mwini chibonga akhale naye limodzi ulendo wonse, asatsale pafupi ndi khitchini. A Nankhoma anakhoma loko, kiyi anamumanga pamfundo ya chitenje, n'kukwera kumbuyo kwa njinga yamoto. Anatsika zitunda zonse mpaka ku Boma. Kuchipatala anamwino anatsuka balalo, kuwabaya jakisoni, kuwalembera masiku obwereranso, n'kuwadzudzula mokwanira chifukwa chochedwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo a Nankhoma anadzudzulidwa osabweza mawu. Pobwerera, ali pamlatho wa kudambo, a Paulo anaimitsa njinga, osatembenuka.

"Bokosi la Chiko lija munaliona kuchepa kwake," anatero. "Sindifuna kukhomanso lina chifukwa cha galu."

Atafika kunyumba a Nankhoma anaika khutu pachitseko cha khitchini. Mkatimo munkamveka kupuma kwa befu.

Mayi Kachere anafika Lachisanu m'mamawa ndi chikwama chawo chamankhwala. Ndi mayi wamkulu thupi, wosapupuluma. Anavala magolovesi, kumumanga galuyo kukamwa ndi kansalu, n'kuwerama kuti aone balalo. Kenako ananunkhiza.

"Galuyu akununkha ngati chigafa. Munamusambitsa chiyani, mayi?"

A Nankhoma anafotokoza, ndipo pofotokozapo anayamba kudzimva okha.

"Fodya pabala lotseguka ndi poizoni," anatero alangiziwo. "Amalowa m'magazi, ndiye anamunyambitanso. Dovu, kusanza, kunjenjemera, zonsezo fodya amachita. Mukanawonjeza pang'ono bwenzi tikukamba zokwirira."

"Ndiye kuti si chiwewe?" anafunsa a Paulo, amene anaima pataliko.

"Sindinatero, bambo. Galu ameneyu wakhala masiku ambiri pamtetete atamangidwa. Sitidziwa chimene chinamupeza kumeneko, kaya nkhandwe kaya galu mnzake. Ine sindingalumbire. Tidikire mpaka Lachinayi, ndipo mayiwa asadumphe jakisoni ngakhale mmodzi."

Anamusambitsa galuyo ndi madzi ofunda ndi sopo, kuchotsa mphutsi zotsala imodziimodzi, kufinya mafinya, n'kumubaya jakisoni. Anachenjeza kuti balalo lalowa kwambiri, thupi latentha, ndipo galu wofooka chonchi akhoza kufa ndi bala lokhalo. Akafa masiku khumi asanakwane, zidzavuta kutsimikizira anthu kuti sichinali chiwewe. A Nankhoma anamva mawu onsewa atazyolika. Manyazi anawagwira kuposa mantha: iwo, amene amadzitama kuti fodya amamudziwa kuposa wina aliyense kuno, ndiwo anatsala pang'ono kupha naye chamoyo chimene ankachipulumutsa.

Thovu linatha tsiku lomwelo, koma Epulo sanachire. Khosi linatupa mpaka kufanana ndi mutu. Anagona pakona, kuseri kwa mafuwa, osafuna kuwala. Kawiri patsiku a Nankhoma ankamumanga kukamwa monga anawaonetsera alangizi, kutsuka balalo ndi madzi amchere, kenako n'kumukankhira kukhosi m'bulu wamankhwala amene alangiziwo anasiya. Nthawi iliyonse galuyo ankalimbana nawo ndi timphamvu tonse timene anatsala nato, ndipo akamutaya ankabisa mutu kukhoma. Anamuphikira phala la dzira, kumusinjira bonya, koma mbale inkatuluka monga inalowera. Madzi a m'beseni ankachepa pang'ono, koma sankadziwa ngati akumwa kapena akungowatayira pansi podzikoka.

A Luke anatumiza uthenga katatu kuti fodya akuuma m'chigafa. Sanayankhidwe. Kumjigo amayi ankawapatsa mpata a Nankhoma kuti atunge msanga, ulemu umene anali asanaulandirepo, ndipo ana ankakokedwa kuwachotsa panjira yawo. M'mawa uliwonse a Paulo ankabwera ngati akudzabwereka nkhwangwa kapena chingwe, kenako n'kutunga madzi mumtsuko n'kupatsa mlongo wawo.

"Imwani ndione."

A Nankhoma ankamwa kapu yonse, a Paulo akuyang'anitsitsa pakhosi. Akameza bwinobwino, bamboyo ankabwerera kwawo, nkhwangwa ija ataiiwala.

Lamulungu galuyo anayamba kulira. Chifukwa cha kutupa kwa khosi, mawu ake anatuluka osasa, okhala ngati si a galu. Anthu obwera kutchalitchi anawamva ali pamsewu, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti galu wa chiwewe amasintha mawu. Pofika Lolemba nkhani inali itakula. Ena ankati galuyo akutafuna chitseko, ena ankati a Nankhoma nawonso ayamba kuuwa. Makolo anapita kwa a Paulo mmodzimmodzi kukawafunsa ngati akudikira kuti mwana wina alumidwe.

Lachiwiri masana, kutatsala masiku awiri, a Paulo anabweranso ndi amuna atatu aja. Maso awo anali ofiira ngati munthu amene wakhala masiku osaona tulo.

"Ndapirira mpaka pano chifukwa ndinu mlongo wanga," anatero. "Jakisoni mukulandira, ndiye za inu mtima wanga wakhazikikako. Tsopano ndikuganiza za ana a anthu. Tsekulani chitseko, muike madzi. Akamwa ine ndikuona, ndidikira mpaka Lachinayi. Akakana, ndimaliza pompano."

"Alangizi anati zokana madzi n'za anthu, galu wa chiwewe amatha kumwa. Muyeso umenewo ngwopanda ntchito, achimwene."

"Alangizi sanamunyamule Chiko m'manja. Tsekulani."

Panalibenso pothawira. A Nankhoma anatunga madzi m'beseni n'kutsekula loko. Anali atamumanga galuyo ndi chitenje chakale pachifuwa, osati m'khosi, ndipo chingwe chake chinkafika pakhomo penipeni. Anaika beseni pamenepo n'kusuntha.

Epulo anadzutsa mutu. Ataona miyendo ya amuna anayi ndi zibonga zikulendewera, anadzikokera pakona mpaka kufuna kulowa m'khoma. Pansi pake panayenda mkodzo. Anatulutsa mano n'kulira kulira kosasa kuja. Madziwo sanawayang'ane n'komwe.

"Mwaona," anatero mmodzi wa amunawo. "Tikutayiranji nthawi?"

A Paulo anasintha kagwiridwe ka chibonga n'kuponda phazi limodzi kutsogolo.

"Dikirani," anatero a Nankhoma. "Galu ameneyu samwa munthu akumuyang'ana. Khalani pansi nonse, mumufulatire."

Wina anaseka, koma kunali kuseka kouma. "Tifulatire galu wamisala? Mayi, mutu wanu wayamba kale."

"Munati muone akumwa. Simuona, mumva. Ine ndikhala pafupi. Akafuna kuluma ayamba ine, wolumidwa kale."

Sanadikire yankho. Anakhala pansi pambali pa beseni, msana kuloza m'khitchini, khosi lawo lili pamtunda woti galuyo akanangotambasuka n'kulifika. Kunena zoona, iwonso sankadziwa chimene chichitike. Chiyambire Loweruka anali asanamumve akumwa. Mwina khosi linali litatsekeka, mwina alangizi aja ankakayika ndi chifukwa.

A Paulo anamuyang'ana mlongo wawo ali chikhalire pamenepo, wamng'ono thupi, mutu uli njo. Anapuma mozama, anatembenuka, n'kukhala pansi padothi, chibonga chili pamiyendo. Enawo anayang'anizana. Mmodzi anakhala, wina anatsatira, ndipo wachitatu, woseka uja, anakhala patali kwambiri, pafupi ndi njira yothawira.

Panali zii. Chigayo cha ku Kasakula chinkamveka chapatali. Nkhuku inadutsa pakati pawo ikujompha, n'kupita. Palibe amene anatsokomola. A Nankhoma anayamba kupemphera chamumtima, koma mawu a pemphero lomwe analidziwa kuyambira ali mwana anawathawa, ndiye anangowerenga mpweya wawo. Dzuwa linawotcha pamutu. Mwamuna wina anayamba kusuntha matako, ndipo mayiwa anadziwa kuti akangodzuka mmodzi, zatha.

Kenako kumbuyo kunamveka zikhadabo zikukwekwesa pansi. Zinaima. Zinayambanso. A Nankhoma anamva mpweya wotentha pachigongono chawo, ndipo tsitsi linawaima. Sanasunthe ngakhale chala.

Lilime linagunda madzi kamodzi, n'kusiya. Linagundanso. Kenako linapitiriza, khapu, khapu, khapu, mwapang'onopang'ono, ndi kaphokoso ka kumeza movutikira pakati pake. Galuyo anamwa nthawi yaitali, mpaka beseni linayamba kulira pansi.

Palibe amene anacheuka. A Nankhoma ankaona msana wa mlongo wawo, ndipo anaona mapewa aja akuyamba kugwedezeka. Bambo wamkulu, wa imvi zake, ankalira ali chifulatire.

"Chiko ankapempha madzi," anatero a Paulo, mawu akuduka. "Ndikamubweretsera ankakuwa. Masiku atatu, mwana akupempha madzi amene ali m'manja mwanga."

Amuna enawo anadzuka mwakachetechete n'kumapita. A Paulo anakhalabe pomwepo mpaka galuyo anabwerera pakona pake, kenako anadzuka, kupukuta nkhope ndi chipewa, n'kunena kuti adikira.

Lachitatu kutupa kunayamba kuphwa ndipo Epulo ananyambita phala la dzira. Lachinayi mayi Kachere anabwera, anamupeza ataimirira yekha, ndipo ananena pamaso pa anthu kuti masiku akwana. Anauza a Nankhoma kuti amalizebe jakisoni wawo, ndipo galuyo atalimba anadzamubaya katemera. Balalo linatenga miyezi iwiri kuti litseke, ndipo linasiya mkanda wopanda ubweya kuzungulira khosi lonse.

A Nankhoma anabwerera kuchigafa cha a Luke, kumene analandiridwa ndi madandaulo ndipo anawabweza ndi owonjezera. Mumtima ankayembekeza kuti galuyo akachira adzawazolowera ngati agalu a anthu ena. Anayambadi kuwatsatira kumjigo ndi kumunda, koma ankasiya mpata pakati pawo. Lamulungu lina, mayiwa atasamba n'kuvala zakutchalitchi, Epulo anabwera yekha n'kugona pamapazi awo. Anasangalala ngati mwana. Mawa lake atabwera kosankha fodya, galuyo anangowanunkhiza ali patali, mchira unalowa pakati pa miyendo, n'kuthawira pansi pa nkhokwe akunjenjemera. Zinachitika chimodzimodzi Lachiwiri ndi Lachitatu, mpaka anamvetsa. Chimene galuyo ankaopa tsopano sichinali khasu kapena mawu a mwamuna okha. Linali fungo la fodya, ndipo amene anamuphunzitsa kuliopa anali iwo.

Ntchito sakanaisiya, pakuti ndi imene imawadyetsa. Ndiye chiyambire chaka chimenecho, nyengo yosankha fodya ikafika, a Nankhoma akaweruka sapita kunyumba mwachindunji. Amatsikira kaye kumtsinje, ngakhale mu Juni mphepo ya m'mapiri muno ikuluma, n'kusamba thupi lonse ndi sopo, kuvala zovala zina zimene amayenda nazo mujumbo. Amayi ochapa amawaseka kuti kunyumbako kuyenera kuti kwabwera bambo watsopano wosafuna fungo. Iwo amayankha kuti bambo akanakhala woyamika ngati galu, bwenzi atakwatiwanso kalekale.

Epulo ali moyo, wanenepa, ndipo amauwa ndi mawu ake osasawo. A Paulo akamadutsa amamuponyera fupa n'kuyang'ana kumbali kuti adye. Kwa a Nankhoma amabwera akasamba, amatsamira miyendo yawo, amalola kuti amusisite pamsana ndi phazi. Koma papita zaka ziwiri, ndipo dzanja lawo likangotsika kulunjika kukhosi, galuyo amauma thupi lonse, kutsinzina, n'kudikira ululu. Zimenezi zimawapweteka mayiwa kuposa mmene amavomerera pagulu.

Tsiku lina a Paulo anaziona zikuchitika, ndipo pofuna kuwatonthoza anati galu ndi galu basi, sadziwa amene anamupulumutsa.

A Nankhoma anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuliika pamwendo.

"Akudziwa, achimwene," anatero. "Akudziwanso amene anamuthira madzi aja. Sakulakwitsa, ndinali ine."